Chifukwa chake mtsempha wa padzanja umaphukanso koma wa mumsana ayi

Munthu akadzitema ndi chikwanje padzanja n'kudula mtsempha wonyamula mauthenga, zala zimachita dzanzi ndipo zina zimaleka kupindika. Dokotala wa maopaleshoni akasoka nsonga ziwiri za mtsemphawo, pakapita miyezi mwini dzanja amayamba kumva kunyerenyesa, kenako amamva akakhudzidwa, ndipo mphamvu zimabwerera ngakhale kuti si zonse. Wina akagwa mumtengo wa mango kapena akachita ngozi ya njinga yamoto n'kuphwanya mtsempha waukulu wa mumsana, nkhani imakhala ina. Ulusi umene waduka m'menemo sulumikizananso.

Mwina munganene kuti maselo ake ndi osiyana. Koma m'mphepete mwa msana muli maselo ena omwe ali ndi nthambi ziwiri, ina yopita kukhungu, ina yolowa mumsana momwemo. Nthambi yakunja ikaduka imaphuka, yamkati ikaduka imangoima. Selo ndi limodzi, chibadwa chake n'chimodzi. Chasiyana ndi malo amene nthambi iliyonse ikudutsamo, ndipo mbali yaikulu ya kusiyanako ili m'zinthu zimene zadzaza mipata ya pakati pa maselo.

Maselo a m'thupi sanangounjikana. Pakati pawo pali ukonde wa mapuloteni ndi timaunyolo ta shuga umene maselowo amatulutsa okha, ndipo asayansi amautcha extracellular matrix. Collagen, puloteni yolimbitsa khungu ndi mafupa, ndi ya m'gulu limeneli. Ukondewu sufanana paliponse. Kuzungulira ulusi wa mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo pali kansalu kopyapyala kolukidwa ndi laminin, collagen wa mtundu wachinayi ndi mapuloteni ena ochepa. Mkati mwa ubongo ndi mumsana kansalu kotere kamapezeka m'mphepete mokha ndi kuzungulira mitsempha ya magazi. Kwina konseko, m'mipata imene imatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a ubongo, muli zinthu zofewa zosunga madzi: shuga wa unyolo wautali wotchedwa hyaluronan, mapuloteni otchedwa tenascin, ndi ena okutidwa ndi shuga wa chondroitin sulfate. Kwa zaka zambiri anthu ankaona ngati zonsezi ndi zongomatira maselo kuti asabalalike. Pano zikudziwika kuti selo limazikhudza, limazizindikira, ndipo limasintha khalidwe malinga ndi chimene lakhudza.

Mmene ulusi umayendera

Selo la mtsempha ndi laling'ono, nthawi zambiri silikwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Koma limatulutsa ulusi wautali wotchedwa axon, ndipo wina umayambira kumunsi kwa msana mpaka kuchala chachikulu cha kuphazi, pafupifupi mita yathunthu. Ulusiwu sukankhidwa kuchokera kumbuyo. Umatsogoleredwa ndi kamutu kotambalala ka kunsonga kwake, kokhala ndi tizala tambirimbiri tomwe timatuluka ndi kubwerera. Woyamba kukaona anali Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain mu 1890, m'msana wa kamwanapiye kosaswedwa. Iye ankayang'ana tizidutswa takufa topakidwa mankhwala, koma pongoona kapangidwe kake ananena kuti kamutuka kamayenda, kakufufuza njira.

Amene anaona kakuyendadi ndi Ross Harrison wa ku Johns Hopkins, ku America, mu 1907. Anadula kachidutswa ka mtsempha wa mluza wa chule, n'kukaika m'kadontho ka madzi a m'thupi la chule amene amaundana, n'kumaonera pa maikulosikopu ulusi ukutuluka ndi kutalika ola ndi ola. Apa m'pamene panayambira luso lolera maselo kunja kwa thupi. Koma chimene chikutikhudza kwambiri ndi zimene anachita patapita zaka zochepa. Ataika maselo m'madzi osaundana, opanda pogwira, sanatambasuke. Atawayalira ulusi wa kangaude m'madzi omwewo, anagwira n'kuyamba kuutsatira. Chakudya chinali chomwecho, kutentha komweko. Chimene chinkasowa ndi popondapo.

Chifukwa chake chili mkati mwa kamutu kaja. Muli timizere ta puloteni yotchedwa actin, timene timawonjezedwa kutsogolo nthawi zonse kwinaku puloteni ina, myosin, ikutikokera kumbuyo. Ngati palibe chogwira kunja, timizereto timangotsetserekera m'mbuyo ndipo kamutu kamakhala pamodzimodzi. Aliyense amene anakankhapo minibasi yotitimira m'matope nthawi ya dzinja akuzidziwa zimenezi: injini ikulira, matayala akuzungulira, koma osasuntha mpaka wina ataponya miyala ndi nthambi kunsi kwa tayala. Asayansi nawo dzina anabwereka ku galimoto komweko, amati ndi kilachi, ganizo limene Tim Mitchison ndi Marc Kirschner analemba mu 1988. Chogwirira chake ndi mapuloteni otchedwa integrin, omwe amaboola khungu la selo. Mbali yakunja imagwira laminin, collagen kapena fibronectin, yamkati imalumikizidwa ku actin kudzera m'mapuloteni ngati talin ndi vinculin. Ikagwira, kutsetsereka kuja kumachepa, ndipo mphamvu yomweyo imakankhira nsonga kutsogolo.

Mitundu ya integrin mwa munthu ilipo 24, ndipo uliwonse uli ndi zimene umakonda kugwira. Kagwiridwe kake n'kosankha modabwitsa. Mu 1984 Michael Pierschbacher ndi Erkki Ruoslahti anapeza kuti m'puloteni yaikulu ya fibronectin, ya ma amino acid (timagawo tomangira mapuloteni) oposa 2,000 pa unyolo umodzi, selo limazindikira atatu okha otsatizana, amene amalembedwa kuti RGD. Kusintha mmodzi yekha mwa atatuwo, selo siligwiranso.

Kumatirira si kukula

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ndipo ngakhale akatswiri anasokonezeka kwa kanthawi. M'zaka za m'ma 1970 Paul Letourneau anaonetsa kuti ulusi ukapatsidwa njira ziwiri m'mbale ya mu labotale, umasankha yomata kwambiri. Zinkaoneka ngati nkhani yatha: mtsempha umapita kumene ukumatirira bwino. Kenako kunabwera laminin.

Puloteni imeneyi anaipatula ndi Rupert Timpl wa ku Germany ndi anzake mu 1979, kuchokera m'chotupa cha mbewa chimene chimatulutsa kansalu kaja mochuluka zedi. Ndi yaikulu, ya maunyolo atatu opotana, ndipo pa maikulosikopu amphamvu imaoneka ngati mtanda. Ofufuza atayamba kuipaka pambale anaona ulusi wa mitsempha ukutalika mofulumira kuposa pa china chilichonse chimene anayesapo. Koma atayeza mphamvu yofunika kuti achotse kamutu pamalo ake, anapeza kuti pa laminin sikagwira zolimba kwenikweni. Pali mankhwala otchedwa polylysine amene amamata maselo kwambiri, moti mpaka lero amapakidwa koyamba pagalasi kuti maselo asakokoloke, koma paokha sathamangitsa ulusi ngati laminin. N'chifukwa chake m'malabotale ambiri amapaka zonse ziwiri, polylysine pansi, laminin pamwamba. Kamutu kakagwira mopitirira muyezo kamalephera kumasula kumbuyo, kakagwira pang'ono kwambiri kamaterereka.

Chachikulu n'chakuti integrin ikagwira laminin siingogwira, imatumizanso uthenga mkati mwa selo. Imadzutsa mapuloteni olamulira kumanga kwa actin, ndipo imasintha mmene selo limamvera mauthenga ena. Chitsanzo chabwino chinachokera kwa Christine Holt ndi anzake mu 1999, pa maselo a diso la chule wa mtundu wa Xenopus. Puloteni yotchedwa netrin imakopa ulusi wa maselowa kuti upite pamene pali potulukira, kuseri kwa diso. Koma ulusi womwewo ukakhala utaponda pa laminin, netrin imaubweza m'malo moukopa. Choitana ndi chomwecho, koma tanthauzo lake lasintha chifukwa cha pamene selo laponda.

Kufewa kapena kulimba kwa malo nakonso kumawerengedwa. Ubongo ndi chimodzi mwa ziwalo zofewa kwambiri m'thupi, ndipo maselo a mitsempha amachita nthambi zambiri pa zinthu zofewa motero kusiyana ndi pa zolimba. Msinkhu nawo uli ndi mbali yake: maselo a diso la kamwanapiye amene amakula mwamphamvu pa laminin masiku oyambirira m'dzira amasiya kuimvera pakangopita masiku ochepa, ulendo wawo ukatha.

Ubongo ukamapangika, ukondewu umauzanso maselo pokhala. Mu 1951 ku Edinburgh kunafotokozedwa mbewa yoyenda modzandira, imene anaitcha reeler. Mu 1995 zinadziwika kuti imasowa puloteni ya mu ukonde, yomwe inapatsidwa dzina loti reelin. Khungwa la ubongo lili ndi magawo 6, ndipo maselo obadwa pambuyo amadutsa akuluakulu awo n'kukakhala kunja. Popanda reelin dongosololi limatembenuka, oyamba kubadwa n'kukhala kunja.

Mtsempha wa padzanja ukaduka

Ulusi ukaduka, mbali imene yalekana ndi thupi la selo imafa n'kuphwanyika m'masiku ochepa. Augustus Waller anafotokoza zimenezi mu 1850 atadula mitsempha ya lilime la chule. Maselo a chitetezo amabwera kudzachotsa zinyalalazo. Koma kansalu ka laminin kamene kanakuta ulusi uliwonse sikachotsedwa. Kamatsala ngati kapaipi kopanda kanthu, ndipo mkati mwake maselo otchedwa Schwann, omwe ntchito yawo ya masiku onse ndi kukulunga ulusi, amachulukana, kundandalikana, n'kuyamba kutulutsa laminin wina ndi zakudya zokopa ulusi watsopano. Nsonga yamoyo ikaphuka imalowa m'kapaipiko n'kumakwawa, pafupifupi milimita imodzi patsiku. Mukawerengera, kuchokera polumikizira dzanja ndi mkono mpaka kunsonga ya chala ndi ulendo wa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Kuchokera paphewa ndi woposa chaka, ndipo apa pamakhala mpikisano ndi nthawi, pakuti mnofu umene wakhala wopanda mtsempha kwa chaka ndi theka kawirikawiri subwereranso bwino.

Dokotala akamasoka mtsempha, ndiye kuti sakulumikiza ulusi weniweniwo. Akungoyang'anitsa timapaipi ta mbali iyi ndi ta mbali inayo. Ngati mpata ndi waukulu moti nsonga sizikumana, amadula kamtsempha ka kuseri kwa mwendo n'kukaika pakati ngati mlatho. Ulusi wa kachidutswako umafa, chimene akufuna ndi timapaipi ndi maselo a Schwann. Palinso mapaipi opangidwa ndi collagen m'mafakitale, koma amathandiza pa mipata yaifupi yokha, yosapitirira masentimita atatu.

Kuti muone kuchuluka kwa uthenga umene uli m'kansalu kameneka, taonani zimene Joshua Sanes, Lawrence Marshall ndi Jack McMahan anachita mu 1978. Anawononga maselo a mnofu wa chule, anadula mtsempha wake, n'kuwomba malowo ndi X-ray kuti mnofu usaphukenso. Panatsala zikhungwa zokha za kansalu, zopanda mnofu mkati. Ulusi wa mtsempha utaphuka unabwerera, ndipo unakaima pa timalo tomweto pamene unkakumana ndi mnofu kale, timalo tating'onoting'ono poyerekeza ndi utali wa chikhungwa chonse. Utafika unamanga nsonga zotulutsira mauthenga, ngakhale panalibe mnofu woti uwalandire. Kufunafuna chimene chinali pa timalo timeneti kunatulukira puloteni yotchedwa agrin, imene anaipatula ku chiwalo cha magetsi cha nsomba ya m'nyanja yamchere yotchedwa Torpedo, komanso mtundu wapadera wa laminin umene umapezeka pokumanira mtsempha ndi mnofu.

Khomo lomwelo khate limalowera

Nkhaniyi ikutikhudza kwathu kuno m'njira imene ambiri saiganizira. Kachilombo ka khate, kamene Armauer Hansen anakaona ku Bergen, m'dziko la Norway, mu 1873, kali ndi khalidwe losowa pakati pa mabakiteriya: kamakonda kukhala m'maselo a Schwann. Funso linali loti kamawapeza bwanji. Mu 1997 Anura Rambukkana ndi anzake ku New York anaonetsa kuti kamagwira kunsonga kwa laminin wa mtundu wachiwiri, yemwe ali m'kansalu kokuta maselo a Schwann, ndipo chaka chotsatira anapeza kuti laminin ameneyu amakalumikiza ku puloteni ya pakhungu la selo yotchedwa dystroglycan. Puloteni yomwe imatsogolera ulusi pophuka ndi imenenso kachilomboka kamakwerapo polowa.

Kakalowa, chitetezo cha m'thupi chimalimbana nako mkati mwa mtsempha momwemo, ndipo kutupa kwa nkhondoyo n'kumene kumawononga kwambiri. Kachilomboka kamakonda malo ozizirirapo, choncho mitsempha yoyandikira khungu, monga wa pachigongono ndi wa pambali pa bondo, ndi imene imayamba kukhuthala. Zala sizidyedwa ndi kachilombo ayi, monga ambiri amaganizira. Dzanzi likalowa, munthu amapsa ndi mphika osamva, amaponda minga osadziwa, zilonda zimalowa mkati mpaka kufupa. Ndipo kutupa kukatenga nthawi yaitali, timapaipi tija timalowedwa m'malo ndi chipsera cholimba cha collagen, moti ngakhale mankhwala aphe tizilombo tonse, ulusi umasowa njira yobwerera. Apa m'pamene pagona kufunika kofulumira kuchipatala munthu akaona banga lotuwa losamva kukhudza. Malawi anafika mu 1994 pa mlingo umene bungwe la WHO limati khate silinso vuto lalikulu, kutanthauza wodwala wosakwana mmodzi pa anthu 10,000 alionse, koma odwala atsopano akupezekabe, ndipo mankhwala ake a miyezi 6 kapena 12 ndi aulere.

Mumsana

Kwa zaka zambiri madokotala ankakhulupirira kuti maselo a muubongo ndi mumsana wa munthu wamkulu alibiretu mphamvu yophuka. Albert Aguayo ndi Samuel David a ku McGill, mumzinda wa Montreal, anagwedeza chikhulupirirochi mu 1981. Anatenga kachidutswa ka mtsempha wa mwendo wa khoswe n'kukasokera ngati mlatho pakati pa tsinde la ubongo ndi msana. Ulusi wa maselo a mkati unalowa pamlathowo n'kuyenda masentimita angapo. Utafika tsidya linalo n'kuponda mumsana, unaima utangolowa pang'ono.

Chimauimitsa n'chiyani? Zinthu zilipo zingapo, kuphatikizapo mapuloteni a m'mafuta okuta ulusi wa mumsana, koma kumbali ya ukonde wolakwa wamkulu ndi mapuloteni a chondroitin sulfate aja. Msana ukavulala, maselo otchedwa astrocyte amazinga bala n'kupanga chipsera, ndipo m'chipseramo mapuloteniwa amachuluka. Jerry Silver wa ku Cleveland ndi anzake anaonetsa kuyambira mu 1990 kuti ulusi umene ukuyenda bwinobwino pa laminin m'mbale umakhota kapena kuima ukangofika pamzere wopakidwa mapuloteni amenewa. Mu 2009 kunapezeka puloteni ya pakhungu la selo, PTP sigma, imene imagwira timaunyolo ta shugato. Kamutu ka kunsonga kwa ulusi sikaima chifukwa chosowa pogwira. Kamagwira mopitirira, n'kukanirira pamenepo, kotupa, ndipo kakhoza kukhala choncho zaka.

Mu 2002 Elizabeth Bradbury ndi anzake ku King's College London anathira m'misana ya makoswe ovulala enzyme yochokera ku bakiteriya, yotchedwa chondroitinase ABC, imene imadula timaunyolo ta shugato. Ulusi wina unaphuka kudutsa pabalapo, ndipo makoswewo anayamba kuyenda bwinoko. Chaka chomwecho ku Pisa, m'dziko la Italy, Tommaso Pizzorusso ndi anzake anaonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Maselo ena a muubongo amakutidwa ndi timaukonde tothinana ta mapuloteni omwewa, timene Camillo Golgi anatijambula kale m'zaka za m'ma 1890. Timaukondeti timakhwima cha kumapeto kwa ubwana, nthawi yomwe ubongo umasiya kusintha mosavuta malumikizidwe ake, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene diso laulesi (diso limene silinaphunzire kuona bwino paubwana) limachizika mwa mwana koma movutikira mwa wamkulu. Atatisungunula ndi enzyme ija m'makoswe akuluakulu, ubongo unayambanso kusintha ngati wa kamwana.

Choncho mapuloteniwa si adani. Ntchito yawo ndi kukhazikitsa zimene ubongo wamanga kuti zisamangosinthasintha. Chipsera nachonso chili ndi phindu lake: chimatchinga kutupa kuti kusafalikire, ndipo ofufuza a ku Los Angeles ataletsa ma astrocyte kuchipanga mwa mbewa mu 2016, ulusi sunaphuke bwino kuposa kale ayi. Ine ndikaona mitu ya nkhani yakuti mbewa zopuwala zayendanso ndimaiwerenga modekha pa chifukwa chimenechi. Ya mu 2021 inamveka dziko lonse: gulu la Samuel Stupp ku Northwestern University linabaya mbewa timaulusi topanga tokhala ndi kachidutswa ka laminin ka ma amino acid asanu, IKVAV, ndipo patapita milungu inayi mbewazo zinkayenda. Ndi ntchito yabwino, koma jakisoniyo anaperekedwa patangopita tsiku limodzi chivulalireni, ndipo pamene ulusi wa mbewa uyenera kuwoloka mamilimita, wa munthu uyenera kuwoloka masentimita.

Chondroitinase nayo ili ndi mavuto ake. Pa kutentha kwa m'thupi imatha mphamvu m'masiku ochepa, moti ofufuza akuyesa njira zoti maselo a pabala aziipanga okha. Kuyesa kumene kunayandikira moyo weniweni ndi kwa agalu 60 a anthu, omwe anapuwala miyendo yakumbuyo kwa nthawi yaitali, kumene zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Theka anabayidwa enzyme. Kugwirizana kwa miyendo yakutsogolo ndi yakumbuyo kunawongokerako, ndipo atatu mwa agalu 30 obayidwawo anayamba kuyenda okha.

Palinso china chimene gulu la James Fawcett ku Cambridge linapeza mu 2009. Makoswe ovulala msana cha m'khosi anapatsidwa chondroitinase, kenako anagawidwa. Ena ankaphunzitsidwa tsiku ndi tsiku kutola njere ndi dzanja, ena ankangochita masewera othamanga ndi kukwera. Otola njere anabwezeretsa luso la dzanja. Othamanga anayenda bwino pamakwerero, koma pa kutola anaipiraipira kuposa amene sanachite masewera alionse. Kuchotsa chotchinga kumalola ulusi kutulutsa nthambi zatsopano, koma kumene nthambizo zikalumikize kumadalira ntchito imene chiwalocho chikupatsidwa pa milungu imene ukonde uli wotseguka.